Dzira Loyamba la Nkhosa ndi Anthu Amene Analilondola

Abusa a nkhosa a ku England ali ndi tsiku lawo limene sachita kukumbutsana. Pa 5 Novembala, pamene anthu a m'dzikomo amasonkha moto ndi kuphulitsa makombola pokumbukira chiwembu cha Guy Fawkes, iwo amatsegula chipata cha busa n'kulowetsa nkhosa yamphongo pakati pa zazikazi. Bere la nkhosa limatenga masiku pafupifupi 147, ndiye ukawerenga kuchokera pa tsikulo umafika pa 1 Epulo, chisanu chitatha ndipo msipu utayamba kuphuka. Asanailowetse mphongoyo amaipaka utoto wa mafuta pachifuwa, kapena kuimangirira choko chachikulu ndi malamba, kuti nkhosa iliyonse imene yakweredwa itsale ndi chizindikiro kumbuyo. Amayamba ndi utoto wowala, monga wachikasu. Pakatha masiku 16 kapena 17 amasintha n'kuika wofiira, kenako wakuda. Nkhosa imene yapezeka ndi mitundu iwiri ya utoto, mbusa amadziwa kuti ulendo woyamba sinatenge bere, yabwereza.

Nzeru imeneyi ndi yakale kwambiri kuposa mawu oti homoni. Anthu anayamba kuweta nkhosa zaka zoposa 10,000 zapitazo kumadzulo kwa Asia, ndipo ziwetozi zinabwera ndi kalendala ya makolo ake a kutchire: kukwerana masiku akayamba kufupika, kuswa chisanu chikatha. Pa chilumba cha Hirta ku St Kilda, kunyanja ya kumadzulo kwa Scotland, kuli nkhosa za mtundu wa Soay zimene zimadziyendera zokha popanda mbusa. Anthu anasamuka pa chilumbacho mu 1930, nkhosazo zinabweretsedwapo mu 1932, ndipo mpaka lero mphongo zake zimagundana nyanga mu Novembala, ana n'kubadwa mu Epulo. Mbusa wa kumayiko ozizira ankadziwa bwino kuti mu Meyi kapena Juni, ngakhale utabweretsa mphongo yamphamvu chotani, nkhosa zazikazi zambiri sizingaiyang'ane n'komwe. Chimene chinali chobisika ndi ichi: m'thupi la nkhosa muli chiyani chimene chimatsegula ndi kutseka khomo limeneli, ndipo chimadziwa bwanji nthawi yake?

Mmodzi mwa anthu oyamba kulilondola funsoli mwadongosolo anali F. H. A. Marshall, amene mu 1903 anasindikiza zimene anapeza pa nkhosa ali ku Edinburgh. Kuchokera pa ntchito yake ndi ya ena amene anamutsatira, zinadziwika kuti m'nyengo yobereka nkhosa yaikazi imafuna mphongo pakapita masiku 17 alionse, ndipo kufunako kumakhala kwa tsiku limodzi kapena limodzi ndi theka basi. Chakumapeto kwa maola amenewa dzira limatuluka m'thumba la mazira. Pamalo pamene dziralo lachoka pamamera kachotupa kachikasu kotchedwa corpus luteum. Kachotupaka kamakhala masiku pafupifupi 14, ndipo ngati nkhosa sinatenge bere kamafota, dzira lina n'kukhwima, zonse n'kuyambiranso.

Nkhosa yofuna mphongo siichita phokoso ngati ng'ombe kapena mbuzi. Popanda mphongo pafupi, n'kovuta kuizindikira. Koma mphongo ikakhalapo, nkhosayo imasiya kudya n'kuilondola, imagwedeza mchira mofulumira, imatembenuza mutu kuiyang'ana. Mphongo imainunkhiza, imakweza mutu n'kupinda mlomo wapamwamba, imaigunda m'nthiti ndi mwendo wakutsogolo kwinaku ikulira chapansipansi. Nkhosa imene nthawi yake sinakwane imathawa. Imene nthawi yakwana imaima nji. Kuima kumeneku ndiko kunali muyeso wa akatswiri onse a m'mbiri ino.

Za nyengo zinayamba kumveka msanga. Mu 1937 Marshall analemba za ziweto ndi nyama zimene zinasamutsidwa kuchoka kumpoto kwa dziko lapansi kupita kummwera, kumene miyezi yozizira ndi yotentha ili motembenuka. Zikakhalako kanthawi, zinkasintha nyengo yake yobereka kuti igwirizane ndi ya kumeneko. Mu 1949 N. T. M. Yeates, wa ku Australia amene ankachita kafukufuku ku Cambridge, anatsekera nkhosa m'makola amene ankatha kuikamo mdima kapena kuyatsa magetsi mmene wafunira. Atafupikitsa usana pa nthawi imene kunja masiku anali kutalika, nkhosa zija zinayamba kufuna mphongo patapita miyezi itatu kapena inayi, m'nyengo imene zinzake za kubusa zinali zii. Zinaoneka poyera kuti chimene nkhosa imawerenga ndi kutalika kwa usana ndi usiku, kuposa kuzizira kapena mvula.

Koma panali chinthu china chimene chinaimitsa mitu akatswiri kwa zaka makumi awiri, ndipo pamenepa ndi pamene pali phata la nkhani yonse. Mu 1933 R. Grant wa ku Edinburgh anaulula kuti nkhosa imatha kutulutsa dzira osafuna mphongo. Kumayambiriro kwa nyengo yobereka, ukayang'ana m'thumba la mazira la nkhosa imene sinaimepo kuti ikweredwe chaka chimenecho, umapeza kachotupa kachikasu kaja kali kale. Ndiye kuti dzira loyamba la chaka limatuluka mwakachetechete n'kutayika. Mphongo ingakhale pomwepo, nkhosayo imaithawa. Imadzaima pa dzira lachiwiri, patapita masiku 17.

Chaka chomwecho ku California, H. H. Cole ndi R. F. Miller anakumana ndi zofananazo. Zaka zitatu m'mbuyomo, mu 1930, Cole ndi mnzake G. H. Hart anali atapeza kuti m'magazi a kavalo wamkazi wa bere muli homoni yamphamvu yodzutsa matumba a mazira, imene pambuyo pake inadziwika kuti PMSG. Atabaya nayo nkhosa m'nyengo imene sizibereka, mazira anatuluka ndithu, koma nkhosazo zinakana mphongo. Atabwereza jakisoni patapita masiku ngati 16, m'pamene zina zinaima. Alimi ankayembekezera mankhwala oti aziberekesa nkhosa kawiri pa chaka, koma dzira lopanda mphongo silipindulitsa munthu.

Pa nthawiyo aliyense ankadziwa kuti homoni yopangitsa chiweto chachikazi kufuna mphongo ndi oestrogen, imene imachokera m'kathumba kamene dzira likukhwimiramo. Progesterone, imene imachokera m'kachotupa kachikasu kaja ndipo inapatulidwa payokha mu 1934, inkadziwika ngati homoni ya bere, yotonthoza thupi ndi kutsekereza chilakolako. Maganizo amenewa sanali olakwa. Nkhosa imene m'magazi mwake muli progesterone yambiri siilola mphongo, ngakhale utaibaya oestrogen. Nanga homoni yotsekereza ingakhale bwanji ndi gawo potsegula?

Yankho linabwera mu 1954 kuchokera kwa T. J. Robinson, wa ku Australia amene anaphunzira ku Cambridge pansi pa John Hammond. Iye anatenga nkhosa n'kuzichotsa matumba a mazira kuti m'thupi mwake musakhale mahomoni ena kupatula amene iye waikamo. Akazibaya oestrogen yokha, zina zinkaima, koma pankafunika mankhwala ochuluka, ndipo akamabwereza pakapita masabata awiri alionse, chiwerengero cha zoima chinkatsika mpaka zambiri kuleka kumvera. Kenako anasintha ndondomeko. Anayamba ndi progesterone kwa masiku angapo, n'kuisiya, n'kudikira tsiku limodzi kapena awiri, kenako n'kubaya oestrogen yochepa kwambiri. Nkhosa zinaima, zinaima msanga, ndipo zinkachita chimodzimodzi nthawi iliyonse akabwereza. Akapereka mahomoni awiriwa pamodzi, panalibe chochitika. Akayamba ndi oestrogen n'kutsiriza ndi progesterone, chimodzimodzi. Mankhwala anali omwewo, mlingo womwewo, chosiyana chinali choyamba ndi chotsatira, komanso mpata wa pakati pake.

Aliyense amene anaphikapo nsima amazidziwa zimenezi. Madzi ndi ufa n'zomwezo, koma ukathira ufa wonse m'madzi ozizira osayamba wathithimitsa phala, chimene ungapakule si nsima. Ubongo wa nkhosa umafuna uyambe wakhala mu progesterone masiku angapo, progesterone ija ichoke, ndipo oestrogen ikafika ipeze pokonzedwa kale. Apa chinsinsi cha Grant chinamasuka chokha. Dzira loyamba la chaka limatuluka pambuyo pa miyezi yambiri imene m'thupi munalibe kachotupa kachikasu, choncho oestrogen imafika pa ubongo wosakonzeka. Imakwanitsa kutulutsa dzira koma imalephera kuimitsa nkhosa. Dzira lotayikalo ndi limene limasiya kachotupa kamene progesterone yake imakonza njira ya dzira lachiwiri. N'chimodzimodzi ndi msoti umene ukutha msinkhu: dzira lake loyamba kawirikawiri limatuluka mwakachetechete. Patapita zaka, Claude Fabre-Nys ndi anzake ku Nouzilly ku France anazisanthula mozama zimenezi n'kutsimikiza kuti progesterone imagwira ntchito ziwiri zotsutsana: ikakhalapo imatsekereza, ikakhala kuti inalipo ndipo yachoka imathandiza.

Ine ndimaona kuti ntchito ya Robinson ndi imodzi mwa ntchito zokongola kwambiri m'sayansi ya ziweto, chifukwa sinafune makina odula kapena mankhwala atsopano. Inafuna munthu wofatsa woti aganize kuti mwina funso silili pa kuchuluka kwa mankhwala koma pa tsiku lowaperekera.

Pamene izi zinkachitika m'makola a kafukufuku, kumabusa akuluakulu a ku Western Australia kunali kutadziwika chinthu china. Mu 1944 E. J. Underwood, F. L. Shier ndi N. Davenport anafotokoza kuti nkhosa za Merino zimene zakhala kutali ndi mphongo, ukazibweretsera mphongo mwadzidzidzi nyengo yobereka isanayambe, zimayamba kubereka msanga ndiponso pamodzi. Chodabwitsa chinali chakuti sizinkakweredwa sabata yoyamba kapena yachiwiri. Mphongo inkangoyenda pakati pawo, zonse zikuithawa, mpaka sabata yachitatu pamene gulu lonse linkayamba kuima. Mu 1954, chaka chomwe Robinson anatulutsa zotsatira zake, P. G. Schinckel anaonetsa kuti nkhosazo zimakhala zitatulutsa kale dzira m'masiku oyambirira mphongo itafika, koma mwakachetechete.

Lero ndondomeko yake imadziwika bwino. Patangopita mphindi zochepa nkhosa itamva fungo la mphongo, homoni yotchedwa LH, imene imadzutsa matumba a mazira, imayamba kutuluka pafupipafupi m'magazi mwake. M'masiku awiri kapena atatu dzira limatuluka, popanda kuima. Mwa nkhosa zina kachotupa kotsatira kamakhala masiku ake onse, ndipo zimenezi zimaima pa tsiku la 18 kapena 19. Mwa zina kachotupako kamafota msanga, patangotha masiku 6, dzira lina n'kutulukanso mwakachetechete, ndipo zimenezi zimadzaima pa tsiku la 24 kapena 25. Mlimi amaona magulu awiri a ana akubadwa motalikirana pafupifupi sabata imodzi, ndipo kusiyanako kunayambira m'kachotupa kochepa ngati nsawawa miyezi isanu ndi theka m'mbuyomo. Mu 1980 T. W. Knight ndi P. R. Lynch ku New Zealand anaonetsa kuti fungo lodzutsa nkhosa lili mu ubweya wa mphongo ndi mafuta ake, kotero kuti ubweya wometa wokha, ukaikidwa pamphuno pa nkhosa yaikazi, umatha kutulutsitsa dzira. Mphongo yofula siichita zimenezi pokhapokha itabayidwa mahomoni monga testosterone, homoni ya mphongo.

Nzeru ya Robinson sinachedwe kulowa mu ulimi. Kale mu 1948, R. H. Dutt ndi L. E. Casida ku Wisconsin anali ataonetsa kuti ukamabaya gulu la nkhosa progesterone tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri n'kusiya, zonse zimafuna mphongo nthawi imodzi. Koma ndi mlimi uti angagwire nkhosa 1,000 m'mawa uliwonse kuti azibaye? Mu 1965 Robinson, amene tsopano anali ku University of Sydney, anabweretsa njira yapafupi: kasiponji kakang'ono konyikidwa m'mankhwala ogwira ntchito ngati progesterone, kokhala ndi kachingwe. Kamalowetsedwa kumaliseche kwa nkhosa n'kukhala komweko masiku 12 mpaka 14, kakutulutsa mankhwala pang'onopang'ono ngati kachotupa kachikasu kochita kupanga. Tsiku lokachotsa, mlimi amangokoka kachingwe, ndipo ngati ndi kunja kwa nyengo amabayanso PMSG. Pakatha tsiku limodzi ndi theka kapena awiri, gulu lonse limaima. Poyamba nkhosa zambiri zokonzedwa motere sizinkatenga bere, ndipo zinadziwika kuti mankhwalawo akapanda kuyezedwa bwino amasokoneza kayendedwe ka umuna m'khomo la chiberekero. Zinatenga zaka kuti mlingo wake ukonzedwe. M'zaka za m'ma 1980 ku New Zealand anapanga kachipangizo kena kotchedwa CIDR kogwira ntchito yomweyo.

Kumene njirayi inazika mizu kwambiri ndi kummwera kwa France, kwa alimi oweta nkhosa za Lacaune zimene mkaka wake amapangira tchizi cha Roquefort. Kumeneko nkhosa zikwi mazanamazana chaka chilichonse zimapatsidwa umuna ndi anthu, wochokera ku mphongo zosankhidwa. Popeza nkhosa siionetsa bwino kuti yafuna mphongo, wopereka umuna sayang'ana nkhosa, amayang'ana wotchi: amafika patapita maola pafupifupi 55 chichotsereni siponji. Akafulumira kwambiri umuna umafooka dzira lisanatuluke, akachedwa dzira limakhala litapitirira.

Funso la nyengo, limene Yeates analisiya pa kuwala, linafuna zaka zina makumi atatu. Mu 1971 magulu awiri opikisana ku America, la Andrew Schally ndi la Roger Guillemin, anapeza homoni yaing'ono ya mu ubongo yotchedwa GnRH, imene imalamula kuti LH ituluke. Gulu la Guillemin linagwiritsa ntchito tizidutswa ta ubongo wa nkhosa mamiliyoni ambiri tochokera kophera nyama, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1977. Mu 1982 ku Melbourne, Iain Clarke ndi dokotala wa opaleshoni ya ubongo James Cummins anapeza njira yotengera magazi m'timitsempha ta pansi pa ubongo wa nkhosa yamoyo, ili maso, ikudya udzu wake. Anaona kuti GnRH siituluka mosalekeza, imatuluka modukizadukiza, ndipo kutuluka kulikonse kumatsatidwa ndi kutuluka kwa LH. Kukachitika patalipatali, dzira silikhwima. Kukachitika pafupifupi ola lililonse, limakhwima.

Ku University of Michigan, Fred Karsch ndi anzake Sandra Legan ndi Douglas Foster anachita mu 1977 kafukufuku wofanana ndi wa Robinson pa kuphweka kwake. Anachotsa matumba a mazira a nkhosa n'kuziika pansi pa khungu kachubu kotulutsa oestrogen yofanana chaka chonse. M'nyengo yobereka LH inali yambiri m'magazi. Masiku atayamba kutalika inatsika mpaka kusowa, ndipo nyengo itabwerera inakweranso. Homoni inali yomweyo ndi mlingo womwewo, koma ubongo unkaimvera mosiyana malinga ndi mwezi. Uthenga wa mwezi umafika kudzera mu melatonin, homoni imene Aaron Lerner anaipeza mu 1958, imene imatuluka usiku wokha. Eric Bittman ndi Karsch anachotsa kachiwalo kopanga melatonin mwa nkhosa, n'kumaziika melatonin m'magazi kwa maola owerengeka usiku uliwonse. Zopatsidwa kwa maola ambiri zinkachita ngati zili m'masiku aafupi ngakhale kunja kuli masiku aatali. Nkhosa imawerenga kutalika kwa usiku poyesa kuti melatonin yakhala maola angati m'magazi.

Mphongo nayo ili ndi nthawi yake. Gerald Lincoln ku Edinburgh anakhala zaka zambiri akuyesa mphongo za Soay, n'kuona kuti machende ake amayamba kukula miyezi ingapo zazikazi zisanayambe kufuna, chifukwa umuna umatenga pafupifupi masabata 7 kuti ukhwime. Ndipo pali nthawi ina yofunika imene imadutsa chiweto chisanabadwe. M'zaka za m'ma 1970, Roger Short, Iain Clarke ndi Rex Scaramuzzi anapereka testosterone kwa nkhosa za bere pa masiku osiyanasiyana. Ana aakazi amene anaipeza homoniyi ali m'mimba, makamaka pakati pa tsiku la 30 ndi la 90, atakula ambiri sankaima kuti akweredwe, ankakwera anzawo. Homoni yomweyo ikaperekedwa bere litatsala pang'ono kuswa, sinkasintha khalidwe motero.

Gawo la mbiriyi limene limandikhudza kwambiri ndi la kuswa, chifukwa m'pamene nzeru ya abusa ndi ya akatswiri zinakumana maso ndi maso. Nkhosa imene ilibe bere siifuna mwana wa nkhosa, imamugunda ndi mutu, ndipo madzi a m'chiberekero imanyansidwa nawo. Koma masiku otsiriza a bere progesterone imatsika, oestrogen imakwera, ndondomeko yomwe ija. Pamene mwana akudutsa potuluka, ubongo umatulutsa homoni yotchedwa oxytocin. Nkhosa ija imatembenuka n'kuyamba kunyambita madzi amene dzulo inkawathawa, ikulira chapansipansi kulira kumene imalirira mwana wake yekha. M'maola awiri kapena anayi oyamba imaloweza fungo la mwanayo, ndipo kuyambira pamenepo wina aliyense wofuna kuyamwa imamukankha. Pascal Poindron ndi Pierre Le Neindre ku Nouzilly anaonetsa kuti mpata umenewu ndi waufupi: ukamuchotsa mwana atangobadwa n'kumubweza patapita theka la tsiku, amayi ambiri amamukana, pamene mayi amene wakhala kaye ndi mwana wake tsiku limodzi amamulandira ngakhale atasiyana nthawi yofananayo.

Mu 1983 Barry Keverne wa ku Cambridge, Frédéric Lévy, Poindron ndi David Lindsay anatenga nkhosa zopanda bere, n'kuzikonza ndi mahomoni awiri aja, kenako n'kutakasa khomo la chiberekero kwa mphindi zisanu ngati mmene mwana amachitira potuluka. Zambiri zinalandira ana a nkhosa zina nthawi yomweyo. Mu 1987 Keith Kendrick ndi anzake anaika oxytocin mu ubongo wa nkhosa zokonzedwa ndi oestrogen, ndipo zinayamba kunyambita ana osakhala awo. Popanda kukonza koyambako, oxytocin yokha sinkakwanira. Abusa anali akuchita zofanana ndi zimenezi kwa mibadwo. Nkhosa ikaswa ana atatu ndipo ina yaswa mmodzi, mbusa amatenga wachitatuyo, n'kumunyowetsa ndi madzi a m'chiberekero cha mayi winayo, nthawi zina n'kumumanga miyendo kuti asaimirire msanga ngati wamkulu, ndipo ena amalowetsa dzanja mwa mayiyo kuti amve ngati akuswanso. Akachedwa ndi maola ochepa, njirayi imakanika, ndipo chotsala ndi kusenda chikopa cha mwana wakufa n'kumuveka wamasiye.

Nkhosa zomwezi zinapulumutsanso ana a anthu. Graham Liggins wa ku Auckland anapeza m'zaka za m'ma 1960 kuti mwana wa nkhosa ali m'mimba ndi amene amayambitsa kuswa, potulutsa homoni ya cortisol yochuluka masiku otsiriza, ndipo cortisol yomweyo imakhwimitsa mapapo ake. Mu 1972 iye ndi Ross Howie anaonetsa kuti mankhwala a mtundu umenewu akaperekedwa kwa mayi amene akuchira masiku asanakwane, makanda ambiri amapulumuka ku vuto la kupuma. Jakisoni ameneyu akuperekedwa m'zipatala zambiri padziko lapansi lero.

Mbiriyi ili ndi mbali yake yowawa, ndipo n'kosayenera kuilumpha. PMSG yambiri mpaka lero imachokera m'magazi a akavalo a bere, amene amasungidwa m'mafamu a ku Iceland, Uruguay ndi Argentina kuti azikhetsedwa magazi sabata ndi sabata m'miyezi yoyambirira ya bere. Mabungwe oteteza nyama anaulula nkhanza zimene zimachitika m'mafamu ena otere, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo ya mayiko a ku Europe inapempha kuti malonda amenewa athe. Sindiona chifukwa chomveka chovutitsira kavalo kuti nkhosa iswe pa tsiku lokomera msika, makamaka pamene njira ina, yobweretsa mphongo mwadzidzidzi, inadziwika kuyambira mu 1944.

Kuno kwathu kalendala ya kuwala ndi yofooka. Ku Lilongwe tsiku lalitali kwambiri limaposa lalifupi ndi maola osakwana awiri, pamene ku Edinburgh kusiyanako kumaposa maola 10. N'chifukwa chake nkhosa zathu za mchira wamafuta, ndiponso za Dorper zimene zinapangidwa ku South Africa, zimatha kubereka mwezi uliwonse, ndipo chimene chimazilamula kwambiri ndi msipu. Koma masiku 17, maola ochepa oima, masiku 147 a bere ndi mpata waufupi woti mayi aloweze fungo la mwana, zonsezi n'zofanana kulikonse. Mbusa amene amasiya mphongo ndi zazikazi chaka chonse amalandira ana ena mu Okutobala, udzu utauma ndipo mayi alibe mkaka wokwanira.

Ku University of Western Australia, Graeme Martin ndi anzake akhala akulimbikitsa, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kuti alimi achepetse mahomoni a m'botolo n'kugwiritsa ntchito mphongo ndi chakudya pa nthawi yoyenera. Mlimi amalowetsa kaye mphongo zotsekedwa njira ya umuna, zimene fungo lake ndi lathunthu koma sizingabereketse. Zimenezi zimatulutsitsa dzira loyamba lija lachete. Pakatha masabata awiri amazichotsa n'kulowetsa mphongo zenizeni, zimene zimafika zili ndi mphamvu pa nthawi imene gulu layamba kuima. Kwa zaka zambiri anthu ankaphunzitsidwa kuti njirayi imafuna kuti zazikazi zikhale mwezi wathunthu osaona kapena kumva fungo la mphongo iliyonse. Kafukufuku wa Penny Hawken ndi anzake pa yunivesite yomweyo anaonetsa kuti chofunika kwambiri ndi chakuti mphongo yobwerayo ikhale yachilendo. Nkhosa za Merino zimene zinali kale ndi mphongo yawo zinatulutsa LH yochuluka zitabweretseredwa mphongo ina imene sizinaizolowere, pamene mphongo yozolowereka, itachotsedwa kanthawi kochepa n'kubwezedwa, sinazidzutse motero.